Chiwongolero cha waya

Chiwongolero cha waya ndi njira yokhotetsera boti loyendera thanga pogwiritsa ntchito tcheni ndi waya wachitsulo. Woyendetsa akapotoza gudumu, tcheni chimakoka waya, ndipo wayayo amadutsa pa timawilo mpaka kukatembenuza tsigiro lomwe lili m'madzi kumbuyo kwa boti. Imodzi mwa makampani opanga zipangizozi ndi Edson ya ku New Bedford, m'dziko la United States.

Kasamalidwe

Waya amayenderedwa kamodzi pachaka kapena kuposerapo. Amamupukuta ndi kansalu kothira oyilo. Kansaluko kakakodwa, ndiye kuti tingwe tina ta wayayo taduka. Tcheni ndi timawilo zimafunanso oyilo. Waya wolefuka amatha kuguluka pa timawilo, pomwe wokungika kwambiri amalimbitsa gudumu ndi kudya zitsulo.

Kusintha

Waya woduka tingwe kapena wadzimbiri salumikizidwa, amachotsedwa yense. Watsopano amayezedwa ndi wakaleyo kuti afanane kutalika ndi kunenepa. Pomukunga, tsigiro ndi gudumu ziyenera kukhala pakati.

Pa Nyanja ya Malawi, mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu nyengo yozizira. Waya akaduka nthawi yotere, boti limatha kugwadamuka. N'chifukwa chake maboti otere amasunga mtengo wapadera wowongolera tsigiro ndi manja.