MAKWERERO ASANU M'ZAKA ZINAYI: MBIRI YA MASAMU NDI KHOMO LA YUNIVESITE KU AMERICA

M'sabata yanga yachiwiri pano pa koleji, aphunzitsi atayamba Calculus, ndinaona anzanga ena akugwedeza mitu ngati akumva nthano imene anaimva kale. Ine ndinali m'chimbulimbuli. Nditafunsa, anandiuza kuti iwo anachita Additional Mathematics ku sekondale, phunziro limene kusukulu kwathu kunalibe mphunzitsi wake. Zimenezi zinandisowetsa mtendere, ndipo pofufuza m'laibulale ndinapeza kuti ku America nkhani yotere yakhala ikuutsa mikangano kwa zaka zambiri. Mbiri yakeyo ndiyo ndafuna ndikambe pano.

Tiyambe m'chaka cha 1892. Nthawi imeneyo yunivesite iliyonse ya ku America inali ndi zofuna zakezake kwa ofuna malo, kotero aphunzitsi a sekondale sankadziwa choti atsate. Bungwe la National Education Association linasankha anthu khumi, wapampando wawo ali Charles Eliot, mkulu wa Harvard, kuti akonze chisokonezocho. Lipoti lawo la 1893 linaika Algebra m'chaka choyamba cha sekondale, Geometry n'kubwera pambuyo pake. Pang'ono ndi pang'ono masukulu anazolowera kuphunzitsa gawo limodzi pachaka: Algebra I, Geometry, Algebra II, kenako Trigonometry ndi zina zimene masiku ano amazitcha Precalculus. Makwerero anali anayi, zaka zinayinso. Calculus inali ya ku yunivesite.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1950. Mu 1955 bungwe la College Board linatenga udindo woyendetsa ndondomeko ya Advanced Placement, yolola ana a sekondale kuphunzira ndi kulemba mayeso a maphunziro a ku koleji. Mayeso oyamba pansi pa bungweli analembedwa mu 1956. Chaka chotsatira dziko la Soviet Union linaponya Sputnik m'mlengalenga. Amereka anachita mantha kuti atsalira, ndipo mu 1958 boma linakhazikitsa lamulo la National Defense Education Act, limene linathira ndalama zambiri ku masamu ndi sayansi. Umu ndi m'mene Calculus inatsikira ku sekondale.

Tsono apa tiwerengere limodzi. Sekondale ya ku America ndi zaka zinayi, giredi 9 mpaka 12, monga ife timawerengera Folomu 1 mpaka 4. Koma makwerero tsopano anakhala asanu. Mwana woyenda mwa masiku onse sangafike pa Calculus pokhapokha atayamba Algebra I ali m'giredi 8, asanalowe n'komwe ku sekondale. Ndipo woyamba msangayo amasankhidwa ali ndi zaka 11 kapena 12, potsata mayeso kapena maganizo a mphunzitsi. Mayunivesite ambiri salemba poyera kuti akufuna Calculus, koma kumene malo amalimbirana kwambiri, osankha ophunzira amaiona ngati chizindikiro cha mwana wolimbikira. Chotero chigamulo chopangidwa mwana asanadziwe kuti yunivesite n'chiyani chimakamutsata zaka zisanu ndi chimodzi pambuyo pake. Akulu ananena kuti m'mera mpoyamba.

Nanga amene ankatsalira pansi pa makwerero anali ayani? Kawirikawiri anali ana a osauka, a anthu akuda ndi a olankhula Chisipanishi. Anthu awiri anatsutsa zimenezi m'chaka chimodzi, 1982. Woyamba ndi Robert Moses, yemwe m'zaka za m'ma 1960 anamenyera ufulu wa anthu akuda woponya voti ku Mississippi. Ataona kuti sukulu ya mwana wake ku Cambridge, Massachusetts, sinkaphunzitsa Algebra m'giredi 8, anayamba kuphunzitsa yekha, ndipo apo panabadwa Algebra Project. Kwa iye Algebra inali ufulu wofanana ndi voti. Wachiwiri ndi Jaime Escalante, mphunzitsi wochokera ku Bolivia. Ana ake 18 a pa Garfield High School ku East Los Angeles anakhoza mayeso a Calculus. Oyendetsa mayeso anakayikira 14 mwa iwo kuti anabera. 12 analembanso, ndipo onsewo anakhoza.

Mu 1999 Clifford Adelman wa ku unduna wa maphunziro anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti mwana amene wapitirira Algebra II ku sekondale ali ndi mwayi woposa kawiri womaliza digiri. Madera ena anati ana onse ayambe Algebra m'giredi 8, okonzeka ndi osakonzeka omwe. Mzinda wa San Francisco unatenga njira ina: mu 2014 unachotsa Algebra I m'giredi 8 m'masukulu ake aboma kuti ana onse ayambire pamodzi m'giredi 9. Cholinga chinali chabwino, koma makolo andalama analipirira ana awo maphunziro apadera, osauka n'kutsala pomwepo. Mu 2024 mzindawo unagamula zobwezeretsa phunzirolo.

Ine ndikaiona mbiri imeneyi ndikuphunzirapo chinthu chimodzi. Palibe amene anakhala pansi n'kunena kuti tsogolo la mwana lizigamulidwa ali ndi zaka 12. Akuluakulu a 1893 ankafuna dongosolo, a 1958 ankafuna kupambana Soviet Union, ndipo zofuna ziwirizi zitakumana zinabala khomo lopapatiza limene aliyense wa iwo sanalilingalire. Kukankhira ana onse pamwamba sikunathetse vutoli, kuwabweza onse pansi sikunalithetsenso.

Calculus ija ndinakhoza, koma movutikira, anzanga aja atandithandiza usiku wambiri. Chimene ndikupempha kwa ife amene mawa tidzakhala aphunzitsi ndi okonza masilabasi n'chakuti, tikamaona zotsatira za mwana wofuna malo pa koleji, tizifunsanso kuti kusukulu kwake kunkaphunzitsidwa chiyani.