Alendo Akabwera ku Lilongwe Tiziwaonetsa Chiyani?

Sabata yatha pa gulu lathu panali kamkangano. Anzathu a ku Zomba akubwera kudzationa kumapeto kwa mwezi uno, ndiye funso linali loti tikawayendetse kuti. Wina anati tingopita nawo kumashopu akuluakulu, adye chipisi, basi. Wina anachita kunena kuti Lilongwe mulibe choona, ndi fumbi lokhalokha. Zimenezi zinandiwawa pang'ono, makamaka poti alendowo akuchokera kumzinda umene tinaulanda ulikulu. Akangomva ife eni ake tikuyankhula chonchi, atiseka mpaka chaka chamawa.

Ine maganizo anga ndi oti tiwayendetse mzindawu motsata zaka zake, kuyambira kumene unabadwira.

Lilongwe anayambira m'mbali mwa mtsinje umene unamupatsa dzina, kumene lero timati ku Old Town. Atsamunda anakhazikitsa boma pamenepa cha m'ma 1904, amwenye n'kutsatira ndi masitolo awo. Chinakulitsa malowa ndi fodya komanso misewu, chifukwa apa ndi pamene pankakumana njira ya ku Dedza, ya ku Salima ndi ya ku Fort Jameson, komwe pano ndi ku Chipata. Komabe kanali katauni kakang'ono. Pa kalembera wa 1966 munali anthu osakwana 20,000, oti onse atalowa mu Bingu National Stadium mipando yambiri ingatsale. Pofika 2018 tinali titatsala pang'ono kukwana 1 miliyoni.

Ndiye ulendo uyambire kumsika. Alendowo awoloke mtsinje pa timilatho tamitengo tija timene timalipitsa kandalama, aone kaunjika, amve phokoso la oitanira maminibasi kudepoti, aone mzikiti waukulu uja. Wina anena kuti kumeneko n'kwauve, tichita manyazi. Zauve zilipodi, sindikana, ndipo foni aliyense agwire zolimba. Koma Lilongwe wakale ndi ameneyo, ndipo analipo zaka zambirimbiri Capital Hill isanalotedwe n'komwe.

Tikachoka apo tikwere ya ku City Centre. Mlendo aliyense amadabwa chimodzimodzi: bwanji tauni ikutha, kenako tchire, kenako tauni ina? Yankho lake ndi mbiri. Dziko litangolandira ufulu mu 1964, Dr Kamuzu Banda anati likulu lichoke ku Zomba libwere pakati, kuti chitukuko chisamangothera kummwera. Ena ankanong'ona kuti akukokera kwawo, poti anali wa ku Kasungu. A Britain anakana kupereka ndalama, ati dziko losauka lisayambe ntchito yodula chotero. Amene anavomera ndi boma la South Africa, lomwe mu 1968 linapereka ngongole ya 8 miliyoni rand. Apa mpamene nkhani imawawa, chifukwa linali boma la tsankho, ndipo nthawi imeneyo mayiko ambiri a mu Africa ankalisala. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe lomanga likulu la Capital City Development Corporation, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu.

Okonza mapulani sanafune kumanga pamwamba pa tauni yakale. Anakayamba pena, kumpoto, n'kusiya mitengo ndi madambo pakati. Mzinda woterewu umakomera wa galimoto; ife a kabaza ndi a wapansi timaudziwa ndi thukuta. Ngakhale manambala a ma Area satsatana ngati nyumba za mumzere. Muuzeni mlendo kuti Area 24 ndi Area 25 zili mbali ziwiri zosiyana za mzinda, aona ngati mukumunamiza. Ndiponso tisaiwale kuti malo amenewa sanali opanda eni. Panali midzi, minda ndi manda, ndipo anthu anasamutsidwa kuti likulu limangidwe. Amene muli ndi agogo obadwira konkuno, afunseni. Chikwangwani chonena zimenezi ine sindinachionepo.

Tchire la pakati lija lili ndi phindu lake. M'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi muli Lilongwe Wildlife Centre, komwe amasamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa ozembetsa. Mukalowa m'tinjira take, phokoso la magalimoto limazilala mpaka kuiwala kuti muli mumzinda. Polowa amalipiritsa, choncho msungichuma wathu afunsiretu mtengo.

Ku City Centre ndiye kuli zambiri moyandikana. Pali chiliza cha Kamuzu, amene anamwalira mu 1997 ku Johannesburg. Chinatsegulidwa mu 2006. Pamenepo pali ngodya zinayi zija makolo athu ankaloweza kusukulu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ndikudziwa kuti m'kalabu mwathu muli ena amene makolo awo amamutamanda, ndi ena amene abale awo anazunzika mu ulamuliro wake. Tisakakangane pamanda, koma tisakanamizirenso kuti mbali inayo kulibe.

Pafupi pomwepo pali Nyumba ya Malamulo, imene a ku Zomba ayenera kuiona ndithu. Ngakhale likulu linasamuka mu 1975, aphungu anapitiriza kukumana kwawoko mpaka 1994. Atabwera kuno anayamba akhala alendo ku New State House, mpaka pamene nyumba yawoyawo, yomangidwa ndi thandizo la China, inatsegulidwa mu 2010. Kunena kwina, kusamuka kuchoka ku Zomba kunatenga zaka 35 kuti kutheretu. Akayamba kutinyoza, tiwathokoze potisungira aphungu nthawi yonseyo.

Timalizire ku Area 18, pa nsanja yokumbukira asilikali amene anafa pankhondo, pomwe palinso chipilala cha Kamuzu atanyamula litchowa lake. Dzuwa likamapendeka malowa amajambulika bwino, ndiye okonda zithunzi asadandaule.

Ndawerengera kuti tikanyamuka kumsika 8 koloko m'mawa, pofika 4 koloko tikhala tamaliza. Vuto ndi thiransipoti, chifukwa mitunda yake si yoyenda wapansi ndi alendo. Amene mukudziwa dalaivala wa minibasi woti tingagwirizane naye mtengo wa tsiku lonse, mubwere ndi yankho ku msonkhano wa Loweruka. Ndipo amene anati Lilongwe ndi fumbi lokhalokha, tamusungira mpando wapawindo.