Mbiri ya Nthano za Zithunzi

Nthano zosimbidwa ndi zithunzi za kamera, mau a anthu atalembedwa pafupi ndi milomo yao, zinayambira ku Italy. M'caka ca 1947 magazini ochedwa Bolero Film anayamba kuzisindikiza, ndipo anthu wamba anaziyesa kanema wa papepala. Pambuyo pace zinaoloka nyanja kufika ku Mexico ndi maiko oyandikana nao.

Kuno ku Afirika, kampani ya Drum inaturutsa African Film m'caka ca 1968. Ngwazi yace, Lance Spearman, inachuka ku Nigeria ndi ku Kenya kufikira 1972, pamene magaziniwo analeka kuturuka. Anyamata anali kubwerekana mpaka mapepala kuthetheka.

Aphunzitsi ena anazindikira kuti mwana woopa buku lalikuru saopa cithunzi. Tsono anapatsa ana kamera kuti apange nthano zao-zao. Wina apeka nkhani, ena aisewera, wina ajambula, wina alemba mau. Popeza malo olembapo ndi ocepa, ana atsutsana pa liu liri lonse asanalisankhe, ndipo m'kutsutsanamo aphunzira kulemba. Mmodzi akajomba, nthano iima, pakuti mutu umodzi susenza denga.