Vinyo wa ku Area 3: Mbiri ya Linga ndi Phunziro Lake kwa Ife

Anzanga nonse amene tidadyera limodzi nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa pa sukulu yathu ija, ndakulonjerani. Nkhani imene ndakutengerani ulendo uno ndi ya vinyo. Ndikudziwa kuti ena a inu, makamaka akulu a mpingo, mwakwinya kale nkhope. Dekhani, sindikuitanira munthu ku botolo ayi. Ndifuna tione zimene maphunziro angathe kuchita ndi zipatso zimene zimangoolera pansi pa mitengo ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25.

Tiyambire kutali pang'ono. Liwu lakuti vinyo si la makolo athu. Lidachokera ku Chipwitikizi, monganso liwu lakuti kachasu, ndipo lidafala chifukwa cha Baibulo ndi mapemphero a m'tchalitchi. Makolo athu ankafulula mowa wa masese kuchokera ku chimanga, mapira ndi mawere, ankaphika thobwa, ndipo kuchigwa cha Shire ankagoma uchema. Vinyo wa mphesa kum'mwera kwa Africa kuno adayambira ku Cape, kumene Jan van Riebeeck adafinya mphesa zoyamba m'chaka cha 1659. Munda wotchuka wa Constantia udatsegulidwa ndi Simon van der Stel mu 1685. Mbiri ya minda imeneyi ili ndi misozi yake, pakuti idalimidwa ndi akapolo, ndipo pambuyo pake antchito ambiri ankalandira vinyo ngati gawo la malipiro awo, mchitidwe umene udasiya uchidakwa m'mabanja ochuluka.

Nanga bwanji minda yotere sidafike kuno? Chifukwa chachikulu ndi nyengo. Mphesa za vinyo zimafuna dzuwa ndi mphepo youma pamene zikupsa. Ku Cape mvula imagwa m'miyezi yozizira. Kwathu kuno imagwa m'miyezi yotentha, kuyambira Novembala mpaka Epulo, kotero kuti chinyezi chimabweretsa nkhungu ndi chiwawu pa mphesa zisanakhwime.

Tsono pamene likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, zakumwa za mu mzinda zidagawa anthu m'magulu. Wa pa malipiro a mwezi ankagula Carlsberg, amene fakitale yake idatsegulidwa ku Blantyre mu 1968. Wa maganyu ankapita ku tarveni kukamwa Chibuku. Wosowa kwenikweni ankalowera kwa amayi otcheza kachasu ku Mgona kapena ku Chinsapo. Vinyo anali wa m'mahotela ndi m'nyumba za akazembe, ndipo ankachokera kunja.

Banja limene lidayesa kusintha zimenezi ndi la Dr. Timothy Ngwira ndi mayi Margaret Ngwira. Bambo Ngwira adaphunzira zakuya za kemisitire ya zamoyo ndipo adaphunzitsa mu Yunivesite ya Malawi. Mayi Ngwira, mbadwa ya ku Scotland, adagwira ntchito zaka zambiri ngati mkulu wa laibulale, ku Bunda ndiponso ku Kamuzu College of Nursing. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 adayamba kupanga vinyo wa zipatso pakhomo, wongomwa iwo eni ndi alendo awo. Padapita zaka zoposa makumi awiri ntchitoyi ili ya m'nyumba. Cha m'ma 2005 ndi pamene adaisandutsa kampani, naitcha Linga, malo ake ku Area 3 mu Lilongwe momwemuno. Linga, monga mudziwa, ndi mpanda wolimba umene makolo ankabisalamo pa nthawi ya nkhondo.

Ndikayang'ana zimene banjali lidachita, ndikuonapo mfundo zitatu. Yoyamba ndi yakuti vinyo achokere ku chimene nthaka ya kwanu yakupatsani. M'malo molimbana ndi mphesa, iwo adatenga jambula, magwafa, mapichesi, maplamu, mabulosi, masitiroberi ndi chidede, namagula kwa alimi ang'onoang'ono. Paja akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Jambula amene ana amapondaponda m'misewu mpaka mapazi kufiira adalowa m'botolo lokhala ndi dzina.

Mfundo yachiwiri ndi ya muyeso ndi ukhondo. Zipatso zathu zambiri zilibe shuga wochuluka ngati mphesa, choncho wopanga vinyo amawonjezera shuga ndi madzi, koma mwa muyeso. Kenaka amathira yisiti, tizamoyo tija Louis Pasteur adaonetsa m'zaka za m'ma 1850 kuti ndi timene timasandutsa shuga kukhala mowa ndi mpweya. Mpweya umenewu uyenera kutuluka m'chiwiya, koma wakunja usalowemo. Ukalowa, kapena chiwiya chikakhala chosatsuka bwino, vinyo yense amasanduka viniga. Pali kachida kagalasi koyandama kotchedwa hydrometer kamene kamaonetsa shuga wotsala. Ambiri a ife tidakajambula m'makope a sayansi, koma ndi angati adakagwirapo ndi manja?

Mfundo yachitatu ndi kudekha. Masese amapsa m'masiku owerengeka ndipo akachedwa amasasa. Vinyo amafuna miyezi. Amamusiya kuti nsenga zikhazikike pansi, kenaka namutsanulira m'chiwiya china, kawiri kapena katatu, mpaka ayere. Banja lenilenilo lidadikira zaka zambiri lisanayambe kugulitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono tibwerere ku makomboni athu. Mayi wotcheza kachasu ku Mgona si mbuli ayi. Amadziwa kusakaniza madeya ndi shuga, amadziwa tsiku limene zawira mokwanira, amadziwa kusonkhezera moto pansi pa mgolo ndi kuziziritsa paipi m'madzi, amadziwanso kusiyanitsa mutu ndi madontho otsiriza. Ana ambiri aphunzira sukulu ndi ndalama za m'mabotolo amenewa, ndipo ena a iwo ali m'bungwe lathu lino. Chimene mayiyu alibe ndi chida choyezera ukali, chiphaso, ndi munthu wophunzira woima pambali pake. Kachasu wosayezedwa, womwedwa pamimba yopanda kanthu, watilanda anyamata ambiri. Mudzakumbukiranso mowa wa m'masacheti umene udafika mpaka m'matumba a ana a sukulu, kufikira boma lidauletsa mu 2015. Kusiyana kwa Area 3 ndi Mgona si nzeru zobadwa nazo. Ndi labotale, ndi miyezo ya Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1972, ndiponso mpamba wolola munthu kudikira miyezi asanagulitse.

Ife amene tili m'maofesi a boma ku Capital Hill timakonda kulemba malipoti onena kuti dziko liyenera kukonza zokolola zake lisanagulitse. Banja la a Ngwira lidachita zimenezo ndi manja, pakhomo pawo, pogwiritsa ntchito maphunziro omwewo amene ife tidaloweza kuti tikhoze mayeso a M.S.C.E. Amene chikhulupiriro chake sichilola vinyo asadandaule, pakuti muyeso ndi ukhondo womwewo ndi umene umafunika popanga jamu, juwisi ndi viniga.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti pa msonkhano wathu wa pachaka tikambirane zosonkha ndalama zogulira zida za mu labotale ya sukulu yathu: masikelo, mabotolo agalasi ndi zoyezera. Mutu umodzi susenza denga. Mwana amene wayeza yekha shuga wa m'madzi a gwafa ali Fomu 3 sadzayang'ananso mtengo wa kuseri kwa nyumba ya amayi ake ngati mthunzi chabe.