Mbiri ya Zimbowera za pa Nyanja ya Chilwa

Zamveka masiku ano kuti ku maiko a Azungu kwabuka mtundu wa anchito amene alibe ofesi. Nchito yao iri m'kompyuta, ndipo aitumiza kwa owalemba pa intaneti, angakhale ali kutsidya kwa nyanja. Chifukwa chache ena a iwo athawa chisanu cha kwao, napita ku zisumbu za dzuwa, nakhala m'nyumba imodzi anthu osadziwana, naphika pamodzi. M'mawa agwira nchito, madzulo aimirira pa matabwa ndi kuyandama pa mafunde, ndiko kusewera kwao. Pa chisumbu cha Madeira, cha Apwitikizi, akulu a kumeneko anawakonzera malo m'mudzi wa Ponta do Sol chaka cha 2021, kuti adze ndi ndalama zao. Anyamata athu a sukulu akamva zimenezi azizwa, nati nzatsopano. Koma ife a ku Phalombe tisazizwe msanga, pakuti kumpoto kwa boma lathu lomweli, kumene ithera mitsinje ya Phalombe ndi Sombani, kuli amuna zikwi okhala pamodzi pamadzi, kutali ndi akazi ao ndi minda yao. Awo a ku Madeira anatsata dzuwa, athuwa anatsata matemba. Nyumba zao zitchedwa zimbowera, ndipo mbiri yache iyenera kudziwika ndi ife amene tidya nsomba zao.

Tiyambe ndi nyanja yeniyeniyo, pakuti wosaidziwa sangazindikire chifukwa chache munthu amanga nyumba pa udzu woyandama. Chilwa ndiyo nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno. Ilandira madzi a Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani, ndi Mnembo wochokera ku Mozambique, koma palibe mtsinje wotulukamo. Kumpoto mtunda wa mchenga uilekanitsa ndi nyanja ya Chiuta. Madzi alowa, ndipo achoka ndi dzuwa lokha, nasiya mchere wao. Ndicho chifukwa madzi a Chilwa ali owawa ndi amatope. Siiri yakuya iai: malo ambiri ndi mamita 2 kapena 3, kotero kuti asodzi ayendetsa bwato ndi nsungwi yaitali, kukankha pansi. Ndipo madzi oyera azingidwa ndi dambo la njedza, limene kumpoto litambasuka monga makilomita 15.

Mzungu woyamba kulemba za nyanjayi bwino ndiye David Livingstone, amene anafika m'mphepete mwache pamodzi ndi John Kirk pa 18 April 1859, atasiya sitima yao pa mudzi wa Chibisa ku Shire. Iye anailemba dzina lakuti Shirwa. Analawa madzi napeza kuti ngowawa, naona mvuu ndi ng'ona, ndipo eni dziko anamuuza kuti patsogolo pali nyanja ina yoposa iyi, imene anakaiona mwezi wa September chaka chomwecho. M'masukulu tiphunzitsa tsiku limeneli monga ngati mbiri ya Chilwa inayamba pomwepo. Si choncho ai. Amene anamlozera njira anali Anyanja, obadwira pomwepo, odziwa kusema bwato ndi kuluka mono makolo ao asanamve dzina la Mzungu.

Zaka zotsatapo zinali za mantha. Nkhondo za Ayao ndi Amang'anja, zimene Bishopu Mackenzie anazipeza pamene anakhala ku Magomero chaka cha 1861, zinapasula midzi yambiri ya m'chigwa chino, ndipo pambuyo pache anadza Angoni. Magulu a akapolo anali kupita pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, kulinga kugombe la Quelimane. Masiku amenewo munthu wofuna kupulumuka anali ndi njira ziwiri, kukwera phiri kapena kulowa m'madzi. Ambiri anaolokera ku chisumbu cha Chisi, chimene chiri ndi mapiri ache pakati pa nyanja, ndipo ena anabisala m'njedza. Wankhondo wa chikopa ndi nthungo ali woopsa pamtunda, koma m'matope ofika m'chiuno, pakati pa udzu wopitirira mutu wache, sadziwa kolowera. Chotero dambo limene alendo analiyesa malo a udzudzu ndi misundu linali linga la makolo athu. Kukhala pamadzi kunayamba ndi kuthawa.

Boma la Angerezi linamanga Fort Lister pa mpata uja chaka cha 1893, ndipo njira ya akapolo inatsekeka. Koma mpata womwewo ndi chigwa chomwecho zinatsegukira anthu ena, ndiwo Alomwe, amene kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 analowa mabanjamabanja kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Ambiri a ife owerenga tiri zidzukulu zao. Anapeza kuno msonkho wa nyumba ndi thangata, ndipo zonse ziwiri zinaphunzitsa munthu kuti ndalama ifunika. Minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo inasonkhanitsa anchito ochuluka ofuna ndiwo, Zomba ndi Blantyre zinakula, ndipo amalonda anayamba kunyamula nsomba zouma, poyamba pamutu, pambuyo pache pa njinga. Nsomba imene kale inali ya pa mphika wa banja inasanduka chuma. Anthu amene makolo ao sanagwirepo nkhafi anatsikira kunyanja. Pamene maukonde a nailoni anafika, osaola msanga monga aja a luzi, asodzi anachuluka koposa, kufikira kuti zaka zabwino Chilwa inapatsa matani oposa 20,000, monga gawo limodzi la magawo anai a nsomba zonse za dziko lino. Ndipo zonsezi ndi nsomba za mitundu itatu: matemba, makumba ndi milamba.

Apa ndipo chimbowera chinapeza nchito yache yatsopano. Taganizani, inu a kumtunda amene munda wanu uli kuseri kwa nyumba. Msodzi wochokera pa doko la Swang'oma, kapena la Kachulu ku Zomba, kapena la Mposa ku Machinga, ayenera kukankha bwato m'tinjira todulidwa m'njedza maora ambiri asanafike pamene pali nsomba, ndipo nyengo ya mwamvu, madzi akaphwa, ulendowo utalika sabata ndi sabata. Akati azibwera kumudzi tsiku liri lonse, mphamvu yache yonse ithera panjira. Tsono adula njedza ndi udzu, naunjika mulu wochindikala pamwamba pa udzu woyandama, naupondaponda kufikira usenza munthu, naimikapo kanyumba kochepa. Za pansi zikaola aonjeza zina pamwamba. Nsomba zikasamuka, iyenso asiya chimbowera chimenecho, nakamanga china. Palibe mfumu imene inamgawira malowo, palibenso malire a munda oti akangane ndi mnansi wache.

M'menemo akhala amuna angapo, masabata kapena miyezi, ndipo kawirikawiri si abale iai. Mlomwe wa ku Phalombe, Myao wa ku Machinga, Mnyanja wa ku Chisi ndi munthu wa ku Mozambique adya nsima ya mphika umodzi, chifukwa khoka silikokedwa ndi munthu mmodzi. Mwini khoka atenga gawo lache, otsalawo agawana. Ufa, mchere, nkhuni, zonse zichokera kumtunda pa bwato. Ndipo pakati pa zimbowera zazing'ono pali zina zazikulu zimene azitcha tiyirumu, kumene munthu agula tiyi ndi zofunika zina, nakomana ndi amalonda, namva za kumudzi. Tiyirumu ndiyo bwalo la mudzi wopanda nthaka umenewu, ndipo mwini wache adziwa amene wafika ndi amene wachoka koposa kalembera ali yense.

Ife aphunzitsi tiri ndi mlandu wathu ndi nyanja imeneyi, ndipo sitiubisa. Matemba akagwa, mabenchi a anyamata achepa anthu. Mwana amene dzulo anali kulimbana ndi masamu, lero ali m'njedza, ndipo akabwera ali ndi ndalama m'thumba ndi manyazi obwerera m'kalasi. Komabe sitigwirizana nao amene anyoza anthu a m'zimbowera monga ngati ndi othawa nchito. Ambiri a ana otsala pa mabenchi aja abvala yunifolomu yogulidwa ndi matemba.

Koma nyanja yosaya chotere ili ndi chizolowezi choopsa, ndicho kuuma. Mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, dzuwa limwa madzi oposa amene mitsinje itengera, mcherewo uchuluka, nsomba zifa, ndipo potsiriza patsala matope ong'aluka. Zinatero chaka cha 1968, zinateronso 1995, ndipo kumapeto kwa 2018 mabwato anagona pa nthaka youma pa Kachulu, anthu napita ku Chisi pansi ndi pa njinga. Kuuma kwa 1968 kunachitika pamaso pa akatswiri a Yunivesite ya Malawi, amene motsogozedwa ndi Margaret Kalk anasanthula nyanjayi kuyambira 1966 kufikira 1976. Iwo anaona chimene akulu a m'mphepete anachidziwa kale, kuti nsomba sizitha zonse: zotsala zibisala m'mathawale ndi m'maiwe a mitsinje, ndipo madzi akabwera zitsikanso ndi kuswana, milamba patsogolo, zinzache pambuyo, kufikira nyanja idzalanso patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Chotero mbeu ya Chilwa isungidwa m'mitsinje yonga Phalombe ndi Sombani. Munthu wothira katupe m'dziwe la mtsinje chaka cha chilala adya mbeu ya anthu onse. Nchifukwa chache pa kuuma kwa 1995 mafumu ndi a Boma oyang'anira nsomba anaika makomiti a m'midzi olonda maiwe amenewa. Ndipo makomiti a pa madoko ayang'aniranso lamulo loletsa makoka kuyambira December, nyengo imene nsomba ziswana. Lamulolo liswedwa kawirikawiri, ndipo kovuta kulisunga ndiko kuzimbowera komweko, kumene diso la mfumu silifika.

Nyanja ikauma mudzi woyandama ubalalika. Ena alima mpunga ndi chimanga pa matope otsala, ena atchera mbalame za m'dambo, ena apita ku Chiuta kapena ku Malombe ndi maukonde ao. Onse apempha mvula. Koma walira mvula walira matope: madzi amene anadzaza nyanja mwezi wa March 2019 anagwetsanso nyumba, ndipo namondwe Freddy wa March 2023, amene sitidzamuiwala kuno ku Phalombe, anakweza Chilwa kufikira inalowa m'minda ndi m'midzi ya m'mphepete.

Chatsala chinthu chimodzi cholemera koposa, ndicho kolera. Nthenda imeneyi inalowa m'dziko muno chaka cha 1973, ndipo yabwerabwera pa Chilwa. Chifukwa chache nchosabisika. Pa chimbowera palibe pokumba chimbudzi, palibenso chitsime. Madzi amene munthu adzithandiziramo ndiwo omwe atunga kuti amwe, ndipo madzi amcheremchere ofunda ndiwo amene kachirombo ka kolera kawakonda. Nthendayo itha kupha munthu tsiku limodzi pomtsitsa madzi a m'thupi, koma wodwalayo ali maora ambiri kutali ndi doko, ndipo anzache amkankhira pa bwato m'tinjira tija, dzuwa likumuomba. Akafika wamoyo, kapena akafika mtembo, nthenda yafika naye kumudzi.

Mwezi wa December 2015 kolera inabukanso m'maboma atatu ozinga nyanjayi. Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi madokotala a Médecins Sans Frontières ndi ena, anatengera katemera wakumwa m'miyezi ya February ndi March 2016. Koma katemerayo amwedwa kawiri, pakati pache masabata awiri, ndipo asodzi a m'zimbowera, amene anawerengedwa monga 6,000, sakhala malo amodzi kuti uwapezenso. Tsono anachita chinthu chimene madokotala sachita kawirikawiri: msodzi anamwa koyamba pamaso pao, napatsidwa kabotolo kachiwiri kuti akasunge yekha m'chimbowera ndi kumwa tsiku lache likakwana. Alipo amene anakaika, nati anthu otere adzataya kapena kuiwala. Koma pofufuza pambuyo pache anapeza kuti ambiri anamwa, ndi kuti katemerayo anawachinjiriza ndithu. Ndipo malo amene anathandiza kufikira anthuwo ndiwo matiyirumu aja.

Chaka chiri chonse cha kolera amveka mau akuti zimbowera zipasulidwe, asodzi azigona kumtunda. Ife tikamva chotero tifunsa kuti wonenayo anayamba wakankha bwato m'njedza kuchokera mbandakucha kufikira dzuwa liri pamutu kodi? Dambo silidzafupika chifukwa cha lamulo, ndipo chimbowera chotenthedwa lero chimangidwanso m'masiku owerengeka, patali pang'ono, pamene wazaumoyo sadzachipeza. Katemera atha mphamvu patapita zaka zochepa, ndipo anyamata atsopano alowa m'nyanja nyengo iri yonse. Bwato limene lipita ndi ufa ndi nkhuni likhozanso kupita ndi mankhwala othira m'madzi akumwa ndi mapaketi a thanzi, kukasiya kwa mwini tiyirumu, ndipo ife amene titumiza ana athu kumeneko ndi thumba la ufa tingathe kuikamo zimenezi tokha.