Nkhosa zina zinkafa, zina osadwala n'komwe

Kwathu chitopa chikalowa m'mudzi, agogo ankaloza nkhuku ziwiri zitatu zotsala n'kutiuza kuti, "Izi n'zamtundu wolimba, musaziphe." Ndinakumbukira mawu amenewa nditayamba kuwerenga mbiri ya scrapie, nthenda ya nkhosa imene yasautsa alimi a ku Britain kuyambira m'ma 1730.

Nkhosa yodwala imamva kuyabwa, ndiye imadzikhula pamitengo ya mpanda mpaka ubweya kusosoka, ndipo dzina la Chingerezilo linachokera pa kudzikhulako. Afalansa anaitcha la tremblante chifukwa cha kunjenjemera. Kenako nkhosayo imaonda, imayenda modzandira, n'kufa. Yochira palibe. Mu 1755 alimi a ku Lincolnshire anafika podandaula ku Nyumba ya Malamulo, koma ambiri ankangobisa, poti khola likamveka mbiri yoti muli nthendayi, ndani angagulemo nkhosa yamphongo?

Mkangano unali pa funso limodzi: kodi ndi nthenda ya kumtundu kapena yopatsirana? Oweta ambiri ankati ndi ya kumtundu. Ankaona ana ndi zidzukulu za nkhosa yamphongo imodzi zikufa, zinzake za m'khola lomwelo zikudya msipu bwinobwino. Koma mu 1936 madokotala a ziweto awiri a ku France, Jean Cuillé ndi Paul-Louis Chelle, anaonetsa kuti nkhosa yabwino imadwala ukaibaya ndi zinthu zochokera mumsana wa nkhosa yodwala. Chimene anaposa nacho anzawo am'mbuyo n'kudekha basi: anadikira kupitirira chaka.

Umboni wina unabwera mwangozi ku Scotland. William Gordon wa ku Moredun Institute anapanga katemera wa nthenda ina ya nkhosa, louping ill, pogwiritsa ntchito ubongo wa nkhosa, osadziwa kuti zina mwa izo zinali ndi scrapie. Nkhosa pafupifupi 18,000 zinabayidwa mu 1935, ndipo patapita zaka ziwiri zoposa 1,000 zinadwala. Munthuyu ndimamulemekeza, chifukwa sanakwirire nkhaniyo. Anaifotokoza poyera, ndipo pambuyo pake anayesa nthendayi pa mitundu 24 ya nkhosa. Za mtundu wa Herdwick zinadwala zambiri, za Dorset Down sinadwale ngakhale imodzi. Ndiye kuti oweta aja sankalota.

Apa m'pamene anthu ophunzira anakokana zenizeni. H. B. Parry wa ku Oxford, amene anatha zaka zambiri akulemba mibadwo ya nkhosa m'makola a alimi, anaumirira kuti nthendayi mwana amabadwa nayo kuchokera kwa makolo onse awiri. Alan Dickinson wa ku Edinburgh ankati ayi, imalowa kuchokera kunja, koma chibadwa cha nkhosa n'chimene chimalamula kuti iyamba liti kudwala. Iye anaona zimenezi pa nkhosa za Cheviot ndi pa mbewa. Ine ndimaona kuti aliyense anagwira mwendo wake wa nyama imodzi, ngakhale Dickinson ndiye anayandikira kwambiri.

Yankho linadza Stanley Prusiner atanena mu 1982 kuti choyambitsa nthendayi si kachilombo wamba koma puloteni yopindika molakwika, imene anaitcha prion. Puloteni imeneyi thupi la nkhosa limapanga lokha. Yopindika ikalowa kuchokera kunja, kawirikawiri kudzera mu nsengwa ndi madzi a pobereka, imapotoza zabwinozo imodzi ndi imodzi mpaka ubongo kuwonongeka. Malangizo opangira puloteniyo ali mu jini yotchedwa PRNP. (Owerenga ena akamva "majini" aganiza za mizimu, ine ndikunena timalangizo ta chibadwa timene mwana amatenga kwa makolo.) Ofufuza a ku Edinburgh, monga Nora Hunter ndi Wilfred Goldmann, pamodzi ndi anzawo a m'maiko ena, anapeza kuti malo atatu pa jiniyo, 136, 154 ndi 171, ndiwo makamaka amasiyanitsa nkhosa. Yokhala ndi VRQ imagwidwa msanga. Yotenga ARR kwa bambo ndi kwa mayi siidwala chisawawa.

Boma la Britain linadzuka chifukwa cha mantha, osati chifukwa chokonda nkhosa. Nthenda yofanana nayo ya ng'ombe, BSE, inali itapha anthu, ndipo ankaopa kuti mwina yabisala mu nkhosa. Mu 2001 anayambitsa National Scrapie Plan: nkhosa zamphongo kuziyeza magazi, za VRQ kuzifula kapena kuzipha, za ARR kuzisiya zibereke. Oweta mitundu yosowa anadandaula kuti posankha jini imodzi ataya zabwino zina, monga kupirira chisanu cha m'mapiri, ndipo dandaulo limeneli sindiliona lachibwana.

Panthawiyo n'kuti ku Norway atapeza kale, mu 1998, scrapie ya mtundu wina imene anaitcha Nor98. Imeneyi imagwira nkhosa zokalamba, nthawi zambiri imodzi yokha m'khola lonse, ndipo za ARR zomwe siizisiya.