Mzinga Umene Unadzutsa Liuli mu 1914

Mudzi wa Liuli uli m'mbali mwa Nyanja ya Nyasa, kumpoto kwa Mbamba Bay, m'boma la Nyasa ku Tanzania. Pa nthawi ya ulamuliro wa Ajeremani unkatchedwa Sphinxhaven, dzina lochokera ku thanthwe lalikulu lotumphuka m'madzi, limene eni dera amati Pomonda. Pakati pa mwezi wa Ogasiti 1914, pagombe pamenepo panali sitima ya nthunzi ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Anali ataikokera kumtunda kuti aikonze, ndipo kaputeni wake, Berndt, sankadziwa n'komwe kuti ku Ulaya zinthu zavuta.

Sitimayi inapangidwira ku Hamburg ndi ndalama za gulu la ku Germany lolimbana ndi malonda a akapolo. Inabwera zidutswazidutswa, nkulumikizidwa kuno, ndipo inayamba kuyenda panyanja mu 1893. Angerezi nawo anali ndi yawo, Gwendolen, yolemera matani pafupifupi 340, imene inalowa m'madzi ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, mu 1899. Dzina anaitcha la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain. Zonse ziwiri zinkayendera nkhuni, ndiye ponseponse pomwe zinkaima pankafunika anthu akumudzi odula ndi kuunjika mitengo pagombe.

Makaputeni awiriwa anali pa chinzake cha ponda apa nane mpondepo. Edmund Rhoades wa Gwendolen ndi Berndt akakumana padoko ankamwera limodzi. Koma pa 4 Ogasiti dziko la Britain linalengeza nkhondo ndi Germany, uthenga unafika ku Zomba pa lamya, ndipo Bwanamkubwa George Smith analamula Rhoades kuti akasake sitima ya mnzakeyo ndi kuithetsa mphamvu.

Gwendolen inanyamuka ku Nkhata Bay, nkuwoloka nyanja usiku, kukacha ili pa Sphinxhaven. Inali ndi kamzinga ka mtundu wa Hotchkiss ndi zipolopolo zokhalitsa, ndipo wowombera wake anali munthu wa ku Scotland wogwira ntchito ku kampani ya Mandala. Anawomba kangapo osalasa kanthu. Kenako chipolopolo china chinakamenya pomwe panali Wissmann.

Zotsatira zake n'zimene zinapangitsa kuti nkhaniyi isaiwalike. Berndt anadumphira m'kabwato, nkupalasa molunjika Gwendolen atalunda ndi ukali, ndipo atakwera anafunsa mnzake ngati waledzera. Rhoades anamukhazika pansi, namufotokozera kuti maiko awo ali pa nkhondo ndipo iyeyo tsopano ndi mkaidi. Angerezi anatsika, anazula mfuti ya sitimayo ndi zitsulo zina za injini, nabwerera kwawo. Ku London nyuzipepala ya The Times inalemba kuti Britain yapambana nkhondo ya pamadzi pa Nyanja ya Nyasa, ndipo olemba mbiri ena amati kumeneku ndiko kunali kuwombana koyamba kwa pamadzi m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Kunena zoona, mawu oti kuwombana akukulitsa nkhani. Zaka zana m'mbuyomo, sitima za matanga zikakumana imodzi kwa imodzi zinkakhetsa mwazi weniweni: pa 1 Juni 1813, HMS Shannon ya Angerezi inagwira USS Chesapeake ya Amereka kufupi ndi Boston m'mphindi zosapitirira 15, anthu ambirimbiri nkufa mbali zonse ziwiri. Ku Liuli mdani anali pamtunda, wopanda moto m'ng'anjo, ndipo sanabwezere ngakhale kamodzi.

Komabe phindu la m'mawa umenewo linali lalikulu kuposa phokoso lake. M'dziko lopanda misewu yodalirika, nyanja ndiyo inali msewu waukulu, ndipo kuchokera tsikulo unali m'manja mwa Angerezi okha. Anatha kutumiza asilikali a King's African Rifles pa sitima mpaka ku Karonga, kumene pa 9 Seputembala 1914 anabweza Ajeremani amene analowa kuchokera kumpoto. Ngakhale Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya UMCA, inatengedwa kuti izinyamula asilikali ndi katundu. Atamva kuti Ajeremani angaikonzenso Wissmann, Angerezi anabwerera ku Sphinxhaven pa 30 Meyi 1915 motsogozedwa ndi Lieutenant-Commander Dennistoun. Ulendo uno zinali zenizeni: asilikali anatsika kumtunda, anamenyana ndi olondera doko, nkuphulitsa sitimayo ndi mabomba.

Mu 1916 gulu la nkhondo la General Edward Northey litalowa m'dziko la Ajeremani, madoko a tsidya la kum'mawa kwa nyanja anasanduka zipata. Asilikali anatsikira ku Wiedhafen, komwe lero ndi Manda, nakalanda Songea mu Seputembala chaka chomwecho. Pambuyo pake Mbamba Bay inakhala potsitsira ufa, mpunga ndi zipolopolo. Sitima zinkathera pagombe, ndipo kuchokera apo katundu ankakwera mapiri a Amatengo pamitu ya anthu. Awa ndiwo amtengatenga, ambiri a iwo ogwidwa mokakamiza m'midzi ya ku Nyasaland kudzera mwa mafumu ndi amesinjala a boma. Chiwerengero chawo m'nkhondo yonseyi, imene inkatchedwa ya chiwaya, chinafika pafupifupi 200,000, ndipo amene anatsirizika panjira ambiri anafa ndi kamwazi, malungo ndi njala, osati chipolopolo. Nthabwala ya makaputeni awiri imakambidwa kawirikawiri, koma za anthu awa zimangotchulidwa modutsa.

Wissmann yeniyeniyo sinathere pomwepo. Angerezi anaikonza, naitcha King George, ndipo inagwiranso ntchito panyanja zaka zambiri nkhondo itatha. Mzinga wa Gwendolen uli ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, m'mbali mwa mlatho wa pa Shire.